A Makwinja ndi Malaya Achitsulo

Loweruka lapitali tinasonkhana kumanda pa mwambo wa chiliza cha a Makwinja. Patha chaka chiwaikireni m'manda. Olankhula analankhula bwino ndithu. Mkulu wa mpingo anati malemu sankajomba kutchalitchi. Mlamu wawo anati kuchokera pa Nsaru mpaka ku Kabudula n'kovuta kupeza mudzi wopanda ndowa kapena mbaula yotuluka m'manja mwawo. Zonsezo n'zoona. Koma palibe amene anatchulapo za gemu, ngati kuti n'zamanyazi kuti bambo wa imvi ankatha masana onse ali m'shopu yanga yometera, nkhope ili pa laputopu, akulimbana ndi zimphona. Ine a Makwinja ndinawadziwira pamenepo, choncho ndikamba za munthu amene ndinamuona.

Sanali akuno. Anachokera ku Phalombe ali mnyamata, pa lole yodzatenga matenanti, n'kukatsitsidwa pa esiteti ina ya fodya cha ku Namitete. Za moyo wa pa esitetipo sankakonda kukamba. Ukawafunsa ankangoti fodya amakomera womusuta, nkhani n'kuthera pomwepo. Umisiri wa malata anauyambira komweko, pomata makheni othirira nazale akabooka. Atakwatira a Nankhoma a kuno ku Nsaru anasiya utenanti, n'kukhazika chidutswa cha njanji pakhonde la golosale ina kuseri kwa msika, n'kuyamba kukhoma. Anakhala pamenepo mpaka tsitsi linayera, komabe anthu powalozera ankati "bambo aja a kum'mwera". Iwo ankazimva.

Laputopuyo anawasiyira ndi mwana wawo Esnati, amene amagwira ntchito ku Joni, kuti aziona zithunzi za adzukulu. Kunyumba kwawo kunalibe magetsi, ndiye ankabwera nayo kwa ine kudzatchaja ataikulunga m'chitenje. Gemuyo inali momwemo, anaiikamo ndi mkamwini wawo n'kuiiwala. Inali ya msilikali wa m'dziko la nthano, woyenda m'nkhalango ndi m'mapanga, akumenyana ndi mimbulu, achifwamba, afiti oponya moto ndi zimphona zonyamula zibonga. Pamwamba pa sikirini pamakhala kamzere kofiira, komwe ndi moyo wake. Akamenyedwa kamafupika. Kakatha ndiye kuti wafa, uyambirenso pamene unasungira.

Tsiku lina la mvula, makasitomala palibe, ndinaitsegula gemuyo. Msilikali wanga ndinamusankhira lupanga lalitali kwambiri, koma mimbulu inkangomupha. A Makwinja anali ataima kumbuyo kwanga, akudikira kuti mvula ikate.

"Kodi aphwanga," anatero, "munthu wanuyu mwamutuma kunkhondo kapena kubafa?"

"Bwanji madala?"

"Wavala kabudula yekha. Pachifuwa palibe kanthu, kumutu palibe kanthu. Tasunthani."

Ndinasuntha. Mpando umenewo sindinaukhalenso kwa zaka.

Zala zawo zinazolowera hamala, moti masiku oyamba ankadina mabatani ngati akukhoma msomali, ine mtima uli m'mwamba kuti aswa katundu wa mwana wawo. Chingerezi ankadziwa chochepa, choncho zolembedwa ndinkawawerengera ndili mkati mometa. Msilikali wawo anamutcha Tenanti. Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati taonani, aliyense m'gemumu amamutuma, uyu kanditengere mphete kuphanga, uyu kandiphere chilombo kumunda, ndipo akabwerako amamupatsa buledi ndi zikomo.

Kupha zilombo sikunkawasangalatsa kwenikweni. Chimene ankafuna ndi kudziwa ntchito imene malaya achitsulo amagwira. Ankamutenga Tenanti n'kukamuimika patsogolo pa mmbulu, kenako n'kuchotsa manja pa mabatani, n'kupinda mikono. Mmbulu unkaluma, iwo akuyang'ana kamzere kofiira kaja. Anyamata odikira kumetedwa ankavutika nazo.

"Menyani madala! Akufatu!"

"Musiyeni. Ndikufuna ndione."

Tenanti akafa, ankamudzutsa n'kumuveka chikopa cha nyama, n'kukamuimikanso pomwe paja. Kenako malaya a unyolo. Kenako a mapale achitsulo, ndi chisoti, ndi chishango. Atachita zimenezi kwa nthawi ndithu, anandifotokozera tsiku lina ndikuwameta ndevu, moti ndinachita kuimitsa mashini kuopa kuti ndingawacheke.

Anati malaya saletsa chida kufika. Chimafika ndithu. Kungoti chikafika, chitsulo chimatapako gawo lake, ndipo chotsalacho n'chimene chimalowa m'thupi. Gawo lotapidwalo ndi lomwelo nthawi zonse, kaya wakumenya ndi wamng'ono kaya ndi wamkulu. Mmbulu ukaluma mphamvu zisanu, chitsulo n'kutapako zinayi, munthu amangomva ngati walumidwa ndi nyerere, ndipo ingabwere mimbulu yambiri iye amaima. Koma chimphona chikatsitsa chibonga cha mphamvu makumi asanu, chitsulo chimatapako zinayi zomwezo, zotsalazo zonse n'zako. N'chifukwa chake ankati malaya ndi a tsiku ndi tsiku, koma chibonga cha chimphona umachizinda basi. Anaonanso kuti ngakhale Tenanti avale bwanji, gemuyo sinkalola kuti amenyedwe popanda kutayako kanthu. Kamzere kankasuntha ndithu, ngakhale pang'ono ngati m'lifupi mwa tsitsi. Zimenezi zinawasangalatsa kwambiri. Anati amene anapanga gemuyi anamenyedwapo.

Zina ankazivomereza monga mmisiri. Kuti malaya a unyolo amakana lupanga koma chibonga amachilola, anati n'zomveka, poti unyolo sumang'ambika koma umapindika pamodzi ndi nthiti. Kuti mapale olemera amatopetsa msilikali mpaka kulephera kuthawa, anati nawonso ananyamulapo malata pamutu kuchokera ku Mpingu. Koma wosula zitsulo wa m'gemumo ankamunyoza. Munthuyo ukamupatsa malaya ophwanyika, amangogogoda kamodzi n'kukubwezera atsopano. A Makwinja ankapukusa mutu n'kunena kuti ameneyu akanakhala pa Nsaru anthu akanamuthamangitsa, chifukwa lata lopindika ukaliwongola limapepuka pamalo pomwe wamenyapo, ndipo mmisiri woona amamuuza mwini wake.

Mkangano wawo waukulu unali ndi a Kamwendo, mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito, amene anayamba kubwera kudzawerenga nyuzipepala yanga n'kutsirizira pa gemu. A Kamwendo anapanga msilikali wawowawo, wovala zopepuka, wa uta ndi mivi. Mfundo yawo inali yakuti mdani wakufa samenya, choncho mphamvu zonse ziyenera kupita ku chida. A Makwinja ankayankha kuti nthawi zonse pamakhala mdani mmodzi amene sunamuone. Ankasinthana laputopu ngati ana awiri pa njinga imodzi. Wa a Kamwendo ankadutsa m'nkhalango ngati mphepo, koma akangopezeka pangodya m'phanga, ankafa msanga ngati nkhuku ya chitopa. Tenanti ankayenda ngati ngolo ya ng'ombe zotopa, koma ankafika.

Kenako anakumana ndi mfiti ya moto. Tenanti analowa m'nsanja yake atavala chitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo kamzere kofiira kanatha ngati kandulo pambaula. Anayesanso, chimodzimodzi. A Kamwendo anawerenga zolembedwa n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, apa alemba kuti chitsulo chanucho n'cha malupanga, mivi ndi mano. Moto ndi poizoni sachiona n'komwe. Mukufunika mkanjo wokana moto uja munautaya."

"Mkanjo wa nsalu? Msilikali avale ngati wakwaya?"

"Ndiye pitirizani kupsa."

A Makwinja anatseka laputopu n'kutuluka osatsanzika. Masiku otsatira tinkangomva hamala kuseri kwa msika, ikulira mwaukali kuposa masiku onse. Atabweranso sanapepese kwa aliyense. Anakhala pansi n'kunena, akuyang'ana kukhoma, kuti munthu wopanga mbaula sanayenere kuchita kuuzidwa kuti chitsulo chimatentha. Anamuveka Tenanti mkanjo wobiriwira, n'kukaipha mfitiyo. A Kamwendo anafuna kuyankhulapo, ine ndinawatsinzinira diso, ndipo anameza mawu.

A Nankhoma gemuyo sankaifuna. Ankabwera kudzaima pakhomo pa shopu, manja m'chiuno, osalowa.

"Bambo a Esnati, pakhonde panu pali mayi wa poto wodontha. Wadikira mpaka mwana wake wagona."

"Ndikubwera, ndingosunga kaye."

"Musunge chiyani? Zidole?"

A Makwinja ankanyamuka, koma panjira ankawafotokozera akazi awo za chisoti chatsopano, iwo akuyenda patsogolo ngati sakumva. Mkulu wina wa mpingo anawayenderanso kunyumba, atamva kuti amasewera ndi zithunzi za ziwanda. A Makwinja anamuitanira kushopu kuti adzaone yekha. Anamuonetsa Tenanti akupulumutsa mudzi kwa achifwamba, n'kumufunsa ngati pali cholakwika kuti munthu avale chisoti. Mkuluyo anaonerera nthawi yaitali kuposa mmene ankafunira, ndipo potuluka anangoti asamaiwale mapemphero a mkati mwa sabata.

M'chaka chawo chomaliza maso anayamba kuchita nkhungu, shuga atakwera. Kamzere kofiira sankakaonanso bwino. Ankabwerabe, n'kukhala pambali pa a Kamwendo, amene tsopano ndiwo ankayendetsa Tenanti. A Makwinja ankamvetsera phokoso lokha. Ankasiyanitsa kulira kwa lupanga pachishango ndi kulira kwake pathupi, ndipo ankati, "Mwamuika pambalambanda, eti? Bwererani kukhoma." A Kamwendo ankang'ung'udza kuti munthu wolemera chonchi n'kovuta kumuyendetsa, koma malayawo sanamuvule. A Makwinja anamwalirira kuchipatala ku Namitete m'mwezi wozizira, chifuwa chitawapanikiza mbali ya kumanzere, mbali imene inkawavuta chichitikireni nkhani imene ndikufuna kukamba tsopano.

Inali nyengo yogulitsa fodya, zaka zingapo asanamwalire, tsiku la msika dzuwa lili paliwombo. Bambo wina wa m'mudzi wapafupi anali atabedwa fodya m'chigafa sabata imeneyo. Ali mumsika anaona munthu wachilendo akugulitsa fodya wa m'thumba kwa mavenda, ndipo anakuwa kuti wakuba. Munthuyo dzina lake Dafuleni, tinadziwa pambuyo pake. Anali tenanti wochokera ku Thyolo, bambo wa ana atatu. M'malo moti afotokoze, anataya thumba n'kuliyatsa liwiro. Kuno munthu akathawa, mlandu watha.

Ine ndinatuluka ndi mashini ometera m'manja, kasitomala ali ndi tsitsi mbali imodzi. Gulu linamupezera kuseri kwa msika, pamene anapunthwa n'kugwera pa ndowa za a Makwinja. Phokoso la malata linamveka mpaka kusiteji ya maminibasi. Pofika ine, anali atayamba kale kumuponda. Wina anali ndi mpini wa khasu. Wina ndinamumva akufunsa za petulo kwa anyamata a njinga zamoto.

A Makwinja anali pa chidutswa chawo cha njanji, hamala ili m'manja. Anaiika pansi bwinobwino. Sanakuwe, sanakweze manja. Anayenda n'kugwada, n'kumugonera Dafuleni pamsana, mikono yawo itakuta mutu wake.

Amene anali kutsogolo anaima. Anali anthu owadziwa, ena ankatungira madzi m'ndowa zawo. Wa mpini uja anali atayamba kale kuutsitsa, ndipo ndinaona dzanja lake likubwerera m'mbuyo mpini uli m'njira, moti unangowakhudza paphewa.

"Madala chokanipo! Si nkhani yanu iyi!"

"Ndikachoka mumupha," anatero, nkhope ili m'fumbi.

"Ndi m'bale wanu kodi?"

"Sindikumudziwa. Itanani apolisi."

Koma akumbuyo sankaona kuti pansipo pali ndani. Miyala inkabwera modutsa pamitu ya anzawo. Chidutswa cha njerwa chinawapeza m'nthiti, ndipo ndinamva mpweya ukutuluka mwa iwo ngati tayala laphulika. Sanasunthe. Apo m'pamene amayi ogulitsa tomato anayamba kulira mokweza kuti mwapha a Makwinja, mwapha a Makwinja. Mawuwo atafika kumbuyo, miyala inaleka. A Kamwendo anatulukira ndi ndodo yawo n'kuima pambali pawo, ife ena tinatsatira, ndipo tinakhala choncho mpaka apolisi anafika.

A Makwinja anathyoka nthiti ziwiri, khutu linang'ambika. Dafuleni anataya mano akutsogolo koma anakhala moyo. Zinadziwika kuti fodyayo sanali wa m'chigafa chija. Anali fodya amene analima yekha pa esiteti, n'kumutulutsa mobisa kuti agule chimanga, chakudya chitatha kunyumba mabelo asanapite kumsika. Mwini esiteti anamuchotsa. Anabwerera kwawo ndi banja lake, ndipo sitinamvenso za iye. Wakuba weniweni sanapezeke.

Ndinapita kukawaona kuchipatala pamodzi ndi a Kamwendo. Tinapeza a Nankhoma akuwamwetsa phala, maso ali ofiira.

"Afunseni inu," anatero a Nankhoma, "mwina akuyankhani. Munthu wa zidzukulu kukagonera mlendo. Akanafa ine ndikanauza chiyani ana?"

 A Makwinja anati pamene munthuyo ankagwa analira kuitana amayi ake, ndipo analira m'Chilomwe. Anati mawu amenewo anali asanawamve pa Nsaru chibwerereni. Anawonjezera kuti anadziwa kuti amenyedwa, koma anaganiza kuti dzanja likamatsikira pa munthu wolidziwa limatsika ndi theka la mphamvu, ndipo theka angalipirire.

A Kamwendo, pofuna kuwaseketsa, anati, "Ndiye kuti malaya anu achitsulo zinali imvizi, eti?"

"Njerwa ija imvi sinazione," anayankha. Anayesa kutembenuka, n'kuluma mano. "Musafanizire, achimwene. Kuja Tenanti akavulala amamwa kabotolo kofiira n'kudzuka. Ine pano ndikulephera kutsokomola."

Sanalolenso kuti nkhaniyi isakanizidwe ndi gemu. Pamsika panafala mbiri yoti tsiku lija anali atabisa lata mkati mwa malaya, ena n'kumati anali ndi mankhwala a kwawo oletsa miyala. Mnyamata wina atawafunsa zimenezi m'shopu mwanga, a Makwinja anakwiya mmene ndinali ndisanawaonerepo. Anakweza shati n'kumuonetsa mbali yawo ya kumanzere, pamene panali potsika ngati pa ndowa yogundidwa. Anamuuza kuti akauze anzake kuti panalibe lata, panalibe mankhwala, panali munthu, ndipo tsiku lina akadzatola mwala adziwe zimenezo. Mnyamatayo anachoka asanametedwe.

Chodabwitsa n'chakuti wa mpini uja anakhala kasitomala wawo wokhulupirika. Ankabweretsa mapoto osadontha n'komwe. A Makwinja ankawayang'ana pa dzuwa, n'kugogoda pang'ono, n'kumubwezera. Za tsiku lija sanakambirane mpaka imfa.

Pakhonde la golosale paja pano pali mayi wogulitsa zitumbuwa. Pansi pamene panali njanji patsala dzenje losaya, lomwe nthawi ya mvula limasunga madzi, ndipo akasesa amapezabe tizidutswa ta malata topindika ngati zikhadabo. Kuseri kwa msika kunachita zii, moti masana umamva mawu a anthu a kuchigayo.

Laputopu anaitenga Esnati pobwerera ku Joni. M'shopu mwanga, pangodya pafupi ndi soketi, pakhoma pali chizindikiro chakuda pamene a Makwinja ankatsamiritsa mutu, ndipo simenti inakumbika pamene chidendene chawo chinkagunda nkhondo ikafika povuta. Ndinapaka penti shopu yonse chaka chino, koma ngodyayo ndinaizungulira. Makasitomala atsopano amaikapo maambulera ndi majumbo awo. A Kamwendo amabwerabe masana, ngakhale kumutu kwawo kulibe chometa. Amachotsa majumbowo n'kuwaika pa benchi, amakokera mpando wawo pambali pa ngodyayo, n'kutsegula nyuzipepala. Amawerenga mokweza, atatembenukira pang'ono kumanzere kumene kuli ngodyayo, ndipo akafika pa nkhani yoti munthu angatsutse, amaima kaye n'kudikira.